Makadi a Felista pa Msewu wa ku Kasungu

Foni inabwera ndi mayi wina wa geni ya matemba, itakulungidwa m'jumbo, pamwamba atamangapo kalata ndi mphira. Kalatayo inali ya mkamwini wathu, a Kamphinda, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa boma la Kasungu. Analemba mwaulemu ndithu, mizere yowongoka bwino, koma nkhani yake inali yowawa. Ankati mkazi wawo Felista walowerera ndi juga ya pa foni, amakhalira makadi tsiku lonse, ndipo iwo atopa nazo. Ankafuna kuti ankhoswe tikumane Loweruka. Tikapeza kuti ndi jugadi, ine ndimutenge Felista ndibwerere naye kuno kwawo, iwo akatule nkhaniyo kumpingo. Foniyo anachita kumulanda, n'kunditumizira kuti ndione ndekha umboni.

Felista ndi mwana wa achemwali anga, ndipo nkhoswe yake ndine. Chaka chatha anapita padera mimba ili yaikulu, kutali konko kopanda mbale, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake anachepa. Achemwali atamva za kalatayo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, banja la mwanayu lisakathere m'manja mwanu." Felista mwiniwake anandiimbira pa foni yobwereka. Anati, "Ankolo, mulibe ndalama m'menemo, ndi gemu chabe. Tsegulani muone," n'kundiuza manambala otsegulira. Ankafuna kuwonjezera zina koma mayunitsi a eni ake anatha.

Kuona sindinaone, chifukwa foniyo inafika itazima, ndipo kabowo kake sikankalowa tchaja ya timafoni tathu ta mabatani. Inalinso sabata yomweta mpunga ku sikimu ya Likangala, munthu wosapeza mpata ngakhale wometa ndevu. Komabe nkhawa ndinalibe. Makadi ndimawadziwa ine. Ndili mnyamata ndinkapha nsomba pa Chilwa, kumatha masabata pa zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi tija, ndipo mphepo ikavuta tinkasewera noki mpaka makadi kuda bii. Ndinasiya atandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Ndinkadziuza kuti juga ndikangoiona ndiizindikira nthawi yomweyo.

Lachisanu kutangocha ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, kathumba ka mpunga wa faya kali pamiyendo, koti ndikapatse ana. Tinadya fumbi mpaka pa Govala, tinatulukira pa Matawale, n'kufika pa depoti ya Zomba dzuwa lisanatenthe. Foni ndinakaisiya pa shopu ya ometa kuti imweko moto. Minibasi ya ku Lilongwe inkaoneka yotsala pang'ono kudzaza, ndiye ndinathamangira kulipira. Nditakhala pansi m'pamene ndinaona kuti ena mwa anzanga apaulendowo akutsika mmodzimmodzi pakabwera munthu weniweni. Anali aganyu ongokhalira mipando. Kondakitala anafunanso kuti mpunga ulipire ngati munthu. Ndinamuuza kuti mpunga sukhala pampando, iye anati umadya mafuta, tinakangana mpaka tinakumana pakati. Tinanyamuka patatha maola awiri, foni ili m'manja mwanga, yamoyo.

Nditatsegula gemuyo ndinayembekeza kuona makadi. M'malo mwake ndinaona mtsikana wa duku lofiira, lupanga lili kumsana, ataima pakati pa nyumba za miyala. Ndinakhudza galasi, iye anayenda n'kukagunda khoma. Ndinakhudzanso, anapitiriza kuyenda pakhoma pomwepo miyendo ikupalasa koma osasuntha. Kuchokera pa Zomba mpaka pa Songani ntchito inali imeneyo. Atachoka pakhomapo analowa m'nyumba ya eni ake osaodira, n'kuswa mitsuko iwiri chifukwa chala changa chinatsetsereka. Mwini nyumba anali ataima pomwepo, osanena kanthu. Ine ndi amene ndinachita manyazi.

Pa Songani panakwera bambo wa kofia yoyera, wamng'ono thupi koma wa mawu aakulu, ndipo anamupanikiza pafupi ndi ine. Anati dzina lake ndi Che Saidi, telala, akupita ku Lilongwe kukafuna zipangizo za makina ake osokera. Sanathe mphindi zisanu asanalowetse mutu pa foni yanga.

"Achimwene, pa msinkhu wanuwu mukusewera za ana?"

Ndinamufotokozera zonse, za kalata, za Felista, za Loweruka. Anamvetsera akugwedeza mutu.

"Juga kwathu nakonso ndi haramu," anatero. "Koma ife sitikutchova ayi, tikufufuza. Bweretsani kuno kuwala, maso anga ndi a singano."

Ndipo anaonadi. Pakhomo pa nyumba ina panali chibambo chonenepa chitakhala pa tebulo, pamwamba pa mutu wake pakulendewera kachizindikiro ka khadi. Tinamuyendetsa mtsikana uja mpaka pamenepo, tikudutsa Domasi, ndipo nditakhudza chibambocho, tauni yonse inazimiririka. Panabwera tebulo la mabokosi khumi ndi awiri, mizere itatu. M'munsi munali makadi, lililonse lili ndi chithunzi cha nyama ndi manambala anayi, imodzi mbali iliyonse. Pakona panalembedwa 74.

Pamenepo mutu wanga unayamba kuzungulira. Gemu inali ya mtsikana wa lupanga, koma m'kati mwake munalinso gemu ina, ndipo imeneyo ndi imene inkafuna kuthetsa banja. Mtsikanayo ankasiya ulendo wake, kaya ankapita kuti, n'kukhala pansi kusewera makadi ndi anthu osawadziwa. Panatuluka malamulo m'Chingerezi, masamba atatu. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 8 yakale, chimagwira ntchito pa fomu ya feteleza. Ndinali ndisanamalize mzere wachiwiri pamene minibasi inagunda bampu pa Malosa, chala chinakhudza pena pake, malamulo aja anapita osabweranso.

"Musadandaule," anatero Che Saidi. "Makadi ndi makadi. Noki mumaidziwa?"

Gemu inatiuza kusankha makadi asanu ndi limodzi. Tinasankha. Ndinaika khadi la kambuku m'bokosi lapakati, chibambo chija chinaika la nkhanu pambali pake, ndipo kambuku wanga, amene anali wa buluu, anatembenuka n'kukhala wofiira. Che Saidi anawomba m'manja kamodzi. Anati mtsikana wathu wavala duku lofiira, choncho zofiira ndi zathu, tikudya. Ndinafunsa kuti nanga bwanji makadi athu amayamba ali a buluu. Anati amakhala asanapse. Mabokosi atadzaza, tebulo lonse linali lofiira kupatula awiri. Kunalira ng'oma, khadi limodzi mwa athu linanyamuka likunyezimira n'kukalowa m'manja mwa chibambocho, ndipo nambala ya pakona inatsika kufika pa 73. Chibambocho chinaseka mimba ikugwedera.

"Mwamusenzetsa limodzi," anatero Che Saidi. "Pa noki wopambana ndi ndani? Si amene makadi amuthera?"

"Nanga akusekeranji?"

"Kuseka kwa manyazi kumeneko. Ine ndikagonja pa bawo ndimasekanso."

Zinandimvekera. Pa zimbowera paja, munthu wotsala ndi mulu wa makadi m'manja ndi amene ankakatunga madzi a tiyi. Ndiye tinapangana nzeru imene panthawiyo ndinkaiona ngati ya akatswiri. Titha makadi onse 73. Akatha, gemu ionetsa mphoto ya wopambana. Ikakhala ndalama, ndi juga, nkhani yatha. Ikakhala china, Felista wapulumuka. Tinagwirizananso kuti tiyambe kutaya a manambala akuluakulu, onyezimira m'mbali aja, chifukwa pa noki amenewo ndi amene amakupweteka powerengera pomaliza.

Pa Liwonde apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu. Ndinawoloka pa rodibuloko maso ali pa foni, mpaka ndinakagunda mgolo wawo. Wapolisi wamkazi anandifunsa ngati ndili bwino m'thupi. Ndinati ndikuwerenga uthenga wa maliro. Mkulu wa mpingo ndinanama bodza loterolo masanasana, ndipo sindinazindikire kuti ndanama mpaka titadutsa pa Mangochi Tenofu.

Ntchitoyo sinali yophweka monga tinkaganizira. Makadi akuluakulu aja anali ouma mutu. Ukaliika, m'malo moti lifiire, linkachititsa a mnzako kukhala a buluu, ndipo pomaliza gemu inkatikakamiza kutenga khadi limodzi la chibambocho. Nambala inkakwera. Kawiri konse tinabwerera pa 70 titafika kale pa 69, ndipo Che Saidi anatukwana m'Chiyao. Koma pofika pa Balaka tinali titatulukira njira. Khadi lililonse lili ndi mbali yofooka, ya nambala yaing'ono, ndipo ukaliika pakati mbali imeneyo ili poyera, mnzako amalifiiritsa msanga. Ndinanyada kwambiri nditaona zimenezi. Ndinagula mazira owiritsa awiri pawindo, limodzi la Che Saidi, pokondwerera.

Batire inayamba kulira titadutsa pa Chingeni. Che Saidi anatulutsa pawabanki m'thumba la mkanjo ngati munthu wopereka magazi kwa m'bale wake. Mayi amene anakhala kutsogolo kwathu ndi dengu la anapiye anatembenuka n'kufunsa kuti, "Kodi abambo inu, mwawina zingati?" Ndinamuyankha mwaukali kuti ife tili pa ntchito ya unkhoswe. Anatiyang'ana, anayang'ana foni, n'kutembenukira kwa anapiye ake.

Tisanafike pa Ntcheu, chapafupi ndi Nsipe, minibasi inayamba kutsokomola, kenaka inangoti zii pachitunda. Dalaivala anatsegula pansi pa mpando wake, kunatuluka nthunzi, iye anati ndi zazing'ono. Kondakitala anakwera lole yodutsa kupita ku Ntcheu kukafuna lamba wa injini. Tinakhala pamenepo maola atatu. Anthu anadandaula, ena anafuna kubwezeredwa ndalama, mayi wa anapiye anayenda ulendo kukapempha madzi kumudzi wapafupi. Ife awiri tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo kunena zoona sindinamve kuchedwa kulikonse.

Pansi pa mangopo m'pamene tinatopa nacho chibambo chija, chifukwa kutaya khadi limodzilimodzi kukanatifikitsa Khirisimasi. Tinamuyendetsa mtsikana uja kutsetsereka mpaka pa doko, atagwera m'madzi kawiri. Pa dokopo panali gogo wamkazi wosoka ukonde, nayenso ali ndi kachizindikiro ka khadi pamutu. Kwa gogoyu malamulo anali enanso. Nthawi zina pamwamba pa tebulo pankatuluka mwezi, ndipo mwezi ukatuluka zonse zinkayenda chambuyo, khadi limene timayembekeza kuti lifiira linkakana. Che Saidi anati mwezi ukutanthauza kuti ndi nthawi yosala, makadi sadya. Ine ndinati mwina ndi mafunde. Sitinagwirizane. Koma chimene tinakondwera nacho n'chakuti gogoyu sankatenga limodzi. Ankakokolola onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi, n'kutiweramira mwaulemu.

"Amayi awa ndiye achilungamo," anatero Che Saidi. "Akagonja amavomera zonse."

Nambala inatsika ngati madzi a m'ngalande atatsegula geti: 61, 55, 49. Inapita mikango, njovu ya mapiko, mbalame ya mitu iwiri. Khadi limodzi lokha ndinalikaniza. Linali la mlamba waukulu wa ndevu zagolide, manambala ake akuluakulu mbali zitatu. Che Saidi ankati tiyambe ndi limenelo, koma ine msodzi wakale mtima sunalole. Ndinati limenelo litsirize.

Lamba anabwera wolakwika, anamudula n'kumulumikiza ndi waya, ndipo tinanyamuka pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro. Pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire, mbatata ndi kabichi zili mbali zonse ziwiri, foni inanjenjemera ndipo panabwera uthenga wa chilankhulo chachilendo, uli ndi manambala ambiri. Che Saidi anandigwira bondo.

"Mphoto ija yayamba kubwera. Achimwene, pepani, ndi juga."

M'mutu mwanga ndinaona kale nkhope ya achemwali. Ndinapereka foniyo kwa bambo wina wa jekete kumbuyo, amene ankati amagula mbatata ku Villa Ulongwe. Anawerenga n'kuseka. Anati ndi Chipwitikizi, netiweki ya ku Mozambique ikutilandira ndi kutiuza mitengo yoimbira. Agogo anga anachokera kumeneko wapansi, atasenza mphasa, ndipo ine mdzukulu wawo dziko lawo linandipatsa moni osamva ngakhale liwu limodzi. Che Saidi anati ankadziwa kale, amangondiyesa.

Pa Dedza kunazizira mpaka zala zinauma, koma tinapitiriza. Tinalowa mu Lilongwe dzuwa litalowa, nambala ili pa 13. Che Saidi anatsika ndi pawabanki yake, anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundilamula kuti ndidzamuuze mphotoyo ndikadzadutsa pa Songani. Ine ndinatsika ndikuganiza za mwezi uja. Ndinafika kwa msuweni wanga ku Kawale, kumene ndinagona, ndipo mkazi wake atandifunsa kuti, "Alamu, a ku Likangala amabwera chimanjamanja masiku ano?" m'pamene ndinakumbukira mpunga. Unatsala pansi pa mpando wa minibasi, utalipiridwa ngati theka la munthu.

M'mawa wa Loweruka ndinapita kumsika wa pafupi ndi depoti kuti nditchajitse foni. Pabenchi ina panali mayi wokonza mafoni, wa magalasi, akuwotcherera kanthu ndi kachitsulo kotentha. Poyembekezera ndinamufunsa, monyadira pang'ono, ngati amaidziwa gemu imeneyi, chifukwa ndatsala pang'ono kuimaliza. Anati mwamuna wake amaisewera. Anatenga foniyo, anakhudza apa ndi apo, kenaka anavula magalasi.

"Bambo, foniyi ndi yanu?"

"Ya mwana wa achemwali anga."

"Anali ndi makadi angati?"

"74. Ndawatsitsa ndekha kufika pa 13, dzulo lokha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Buluu ndiye ine. Zofiira ndi za mdani. Nambala yaikulu ikakhudzana ndi yaing'ono imailanda. Wogonja amalandidwa khadi, ndipo khadi likapita lapita, pokhapokha utamugonjetsa amene analitengayo. Cholinga ndi kusonkhanitsa, osati kutaya. Anati makadi onyezimira aja sapezeka wamba, lina munthu amalisaka mwezi wathunthu, kuyenda matauni onse a m'gemumo. Mwamuna wake ali ndi makumi atatu okha ndipo amadzitama nawo.

"Nanga ndalama?" ndinafunsa.

"Mulibe ndalama. Simulowa tambala, simutuluka tambala. Imaseweredwa ngakhale popanda bandulo."

"Ndiye munthu akasonkhanitsa onse amapeza chiyani?"

"Amakhala nawo basi."

Yankho limene ndinayendera ulendo wonsewo ndinalipeza pa benchi imeneyo, kwaulere, pa mphindi ziwiri. Ndinafunsa ngati angathe kuwabweza, ndilipira. Anati gemuyo imasunga yokha chilichonse chikachitika, palibe kubwerera. Ndinakhala pa kampando kake. Ndinaganiza za Felista ali yekha m'nyumba ya aphunzitsi, mwamuna ali m'kalasi, manja opanda mwana, akutolera tinyama timeneti kamodzikamodzi chaka chonse. Ine ndinatipereka kwa gogo wosoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndikudya dzira.

"Nanga mwezi uja?" ndinafunsa ndikunyamuka.

"Mwezi ukatuluka yaing'ono imadya yaikulu. Koma zimatengeranso mzere umene mwaika. Ndi zambiri, bambo, mwamuna wanga ndiye amazitha."

Basi ya ku Kasungu inali yaikulu, yokhala ndi potchajira pansi pa mpando. Ndinakhala pawindo ndekha n'kubwerera kwa gogo uja ndi mtima wobweza. Tsopano malamulo ndinkawadziwa, kapena ndinkaganiza choncho. Vuto linali lakuti dzulo lonse ndinaphunzitsa zala zanga kugonja, ndipo zinkathamangira pakati zokha. Makadi amene anatsala, kupatula mlamba uja, analinso achabechabe: achule, makoswe, nkhono. Ndinathawa kwa gogo ndisanasewere naye n'kubwerera kwa chibambo chija. Pa Lumbadzi ndinapambana koyamba, ndinamulanda nkhanu, ndipo ndinakuwa mpaka mayi wa pampando wina anakumbatira chikwama chake. Pa Mponela ndinapambananso kawiri. Ndinayamba kudzimva kuti magazi a pa zimbowera abwerera.

Ndiye ndinalakwitsa komaliza. Ndinaganiza kuti kulanda limodzilimodzi sindifika nako patali, koma gogo uja, poti amatenga asanu ndi limodzi, akagonja aperekanso asanu ndi limodzi. Ndinasankha abwino onse amene ndinali nawo, pamodzi ndi mlamba wa ndevu zagolide. Tikulowa pa Madisi ndinauika mlambawo pakati penipeni kuti udye mbali zonse. Unadyadi awiri. Kenaka mwezi unatuluka. Gogo anaika kambewa ka nambala wani pambali pake, ndipo mlamba uja unafiira ndikuona. Tinawoloka Bua nambala ili pa 10, onse osanyezimira. Ndinazimitsa foni n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo mpaka ku Kasungu sindinayang'ane munthu kumaso.

Kuchoka pa boma ndinakweranso kabaza pakati pa minda ya fodya yokololedwa, n'kufika pa sukulupo dzuwa litapendeka. Felista anandilandira atagwada, anatenga kachikwama kanga, maso ake ali pa thumba la malaya anga. Anali atawonda. Za mpunga sanafunse.

Tinakhala pabalaza anthu anayi: ine, a Kamphinda, nkhoswe yawo a Chimphamba amene ndi mkulu wawo, ndi Felista pamkeka pafupi ndi chitseko. A Kamphinda anafotokoza dandaulo lawo. Si munthu woipa, ndinaona kuti ndi mantha amene anawagwira, poti mkazi wawo ankaseka ndi foni koma osati ndi iwo. Kenaka a Chimphamba anatembenukira kwa ine.

"Ankhoswe anzanga, umboni munali nawo. Ndi juga kapena ayi?"

Ndinati si juga. Ndinati ndafufuza ndekha, ndafunsanso odziwa ku Lilongwe, simulowa ndalama ndipo simutuluka ndalama. Zimenezo ndinanena mutu uli m'mwamba chifukwa zinali zoona. A Kamphinda anapempha foniyo kuti awaonetse achimwene awo mulu wa makadi umene mkazi wawo amaugwadira. Anatsegula, anayang'ana, anayang'ananso.

"Atsala khumi. Analipo oposa makumi asanu ndi awiri." Anandiyang'ana ndi ulemu umene sanandipatsepo chikwatire. "Ankolo, mwachita kuwathetsa?"

A Chimphamba anamenya bondo lawo. Anati unkhoswe ndi umenewu, munthu wamkulu sanabwere ndi mawu ambiri, wangochotsa chimene chimasokoneza, mwakachetechete, popanda kunyoza mbali iliyonse. Anati iwo aphunzirapo kanthu lero.

Ndikanati sindinachite dala, akanafunsa kuti nanga zinatheka bwanji. Ndikanayenera kunena kuti mkulu wa mpingo ndinasewera kuchokera pa Domasi mpaka pa Bua, ndinanamiza wapolisi, ndinaiwala mpunga m'minibasi, ndinakuwa m'basi chifukwa cha nkhanu. A Kamphinda akanati ndi zimene ankanena zija, kanthu kameneka kamagwira munthu ngati juga, ndipo mlandu umene ndinali nditangouwina ukanagwa. Ndikakhala chete, banja lipulumuka, koma Felista adziwa kuti ankolo ake, amene anawakhulupirira n'kuwapatsa manambala otsegulira, anamuwonongera dala. Ndinayang'ana pansi. Ndinakhala chete.

Zotsalazo zinayenda mofewa. Tinagwirizana kuti foni ibwerere kwa mwini wake ndipo isadzalandidwenso, kuti nkhaniyi isapite kumpingo, kuti aphunzitsi azipeza nthawi yocheza ndi mkazi wawo, ndipo tchuthi chikubwerachi amuperekeze kumudzi akaone amayi ake. A Kamphinda anapereka foniyo ndi manja awiri. Felista anailandira, anayang'ana pagalasi kanthawi kochepa, n'kuiika pamkeka chafufumimba. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Zikomo ankolo, zikomo alamu, mwatimanga." Ine ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa mlandu uliwonse umene ndinaluza.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi Felista anandiperekeza yekha kumsewu, atasenza kachikwama kanga. Tinayenda mpaka pa mtengo umene akabaza amaima. Panalibe kabaza. Ndinayesa kukonza mawu m'mutu koma onse ankayamba ndi kudziteteza.

"Ankolo," anayamba iye, akuyang'ana kumsewu, "gemu ija imalemba zonse. Munthu wofuna kuwononga amangoifufuta, mphindi imodzi yatha. Inu mwasewera maulendo makumi anayi ndi mphambu ziwiri."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Dzulo m'mawa munapambana katatu motsatizana. Munkafuna kuwabweza."

"Ndinkayesa ngati ndi noki, mwanangu. Ndinkayesa wopambana ndi amene amuthera."

Anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Mapewa ake anagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, mwina zinali zonse. Atachotsa chitenjecho maso anali onyowa.

"Mlamba uja ndinaupeza sabata imene ndinatuluka m'chipatala," anatero. "Ndinkalephera kugona, ndinkalephera kupemphera. Ndinausaka masiku asanu ndi anayi."

"Bwanji sunanene dzulo kuti ukudziwa?"

"Ndikananena, bwenzi pano tikudikira kabaza tonse awiri."

Njinga yamoto inatulukira pakona ikutsokomola fumbi. Felista anamangirira kachikwama kanga kumbuyo, anayesa ngati kalimba, kenaka anandigwira dzanja pamene ndinkakwera.

"Mlamba simuika pakati, ankolo. Mumauika pakona, mbali yofooka itatsamira khoma."

"Nanga mwezi ukatuluka?"

"Mwezi ukatuluka simuutulutsa n'komwe. Mumausunga."

Wakabaza anaponda giya. Nditacheuka ndinamuona akubwerera kunyumba kwake pang'onopang'ono, mutu uli pansi, foni ili m'manja onse awiri, akuyambiranso ndi achule ndi makoswe amene ndinamusiyira.